Silabasi ya Chingerezi yafika pasukulu, nanga aphunzitsi tiwapatsa bwanji?

Izi ndikulembera inu a HOD (akulu a dipatimenti) a ziyankhulo, ma deputy ndi wina aliyense amene ahedi angomuloza chala kuti "inuyo ndi amene mukawafotokozere anzanu za silabasi ya Chingerezi", kaya muli pa CDSS uko ku Mitundu kapena ku Nsaru, kaya pa sukulu ya mtauni muno mu Lilongwe ya double shift. Ine choko ndachigwira nthawi yaitali ndithu, ndipo pomwe silabasi ya kusekondale inkasintha kuyambira fomu 1 mu 2015 ndinalipo. Amapita anthu awiri ku wekishopu sabata yathunthu, akabwerako amatiitana Lachisanu masana aliyense maso ali kugeti akuganiza za minibasi, nde zinthu za masiku asanu amazikhuthula mu maola awiri, tisaina pepala, basi ati taphunzitsidwa. Lolemba lake aliyense amalowa mkalasi ndi manotsi ake akale omwe aja, ofiira ndi ukalamba. Thobwa limachoka ku Domasi lili lokoma koma aliyense panjira amathiramo madzi, pofika mu sitafu rumu mwathu latsala fungo la chimera lokha.

Nde mmene ndimachitira ine masiku ano ndi umu.

Choyamba, musanaitane munthu aliyense khalani pansi muwerenge silabasi yeniyeniyo, osati pamfuleti yogula pamsika, osati manotsi amene wina waponya pa WhatsApp. Silabasi amalemba ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, unduna ku Capital Hill ndi umene umavomereza, ndipo ife a Lilongwe zimatifikira kudzera ku division yathu ya Central West yomwe ilinso ndi Dedza, Ntcheu ndi Mchinji. Mayeso ndi a MANEB ku Zomba, imeneyo ndi ofesi ina. Ndikutchula dala zimenezi chifukwa ambirife timasokoneza, timatenga ma past paper nkumati ndiye silabasi. Past paper imangokuuzani zimene anafunsa chaka chakuti, pomwe silabasi ikukuuzani zimene mwana akuyenera kumatha. Zonse ziwiri muzifuna koma musaziphatikize.

Powerenga gwirani pensulo. Tsamba lililonse lili ndi magawo ake, pali assessment standard, success criteria, mutu, zochita mkalasi, njira zophunzitsira ndi zipangizo. Ife timathamangira pa mutu pokha, tikangoona "reported speech" basi tatseka buku tikudziwa kale, chonsecho nkhani yagona pa success criteria pamene akunena kuti pakutha pa phunziro mwana achite chakuti chakuti. Ikani yakale ndi yatsopano pa tebulo limodzi, mulembe zinthu zitatu: chimene chachoka, chimene chalowa, ndi chimene changosamuka fomu. Zikwane tsamba limodzi basi. Funso loyamba la aphunzitsi limakhala lomwelo nthawi zonse, "chasintha nchani kwenikweni?", ndipo mukayamba kuyankha ndi mbiri ya maphunziro kuchokera nthawi ya atsamunda dziwani kuti mwatsala nokha.

Chachiwiri, werengani anthu ndi katundu amene muli naye, kuwerenga kwa 1, 2, 3. Mu dipatimenti mwanu ndi angati anaphunziradi Chingerezi kukoleji, kaya ku Domasi, ku Nalikule, ku Chanco kapena ku Mzuni? Nanga ndi angati ongobwereka, munthu wa Geography kapena Bible Knowledge amene anamuponyera fomu 1 chifukwa timetebulo inavuta? M'ma CDSS mulinso anzathu ochokera ku pulaimale, ndipo ndinene pompano kuti amenewa nthawi zambiri amadziwa kuphunzitsa mwana kuwerenga kuposa ife a madigiri, musawaderere, chimene amasowa kwambiri ndi wowagwira dzanja pa litirecha. Kenako lowani nokha mu laibulale kapena mukabati ya ahedi muwerenge mabuku ndi manja anu, za mukaundula musazikhulupirire. Chaka china kaundula wathu ankati mabuku a fomu 3 alipo 60, nditawerenga ndinapeza 17, atatu mwa iwo masamba oyambirira kulibe. Lembaninso kuti kalasi iliyonse muli ana angati ndipo Chingerezi chili ndi mapiriyodi angati pa sabata.

Mukatero pitani kwa ahedi pepala lili m'manja, osati pakamwa pokha. Pemphani masiku awiri athunthu. Nthawi yabwino ndi sabata yomaliza ya holide, makamaka ija yoti chaka chikuyamba mu Seputembala. Juni ndi Julaye musayerekeze nkomwe, anthu amakhala ali ku invigilation ya JCE ndi MSCE, ena makutu ali kufoni kudikira kuitanidwa ku marking. Ngati mukuitana cluster yonse, gulu la sukulu zoyandikana nanu, ndipo ndi dzinja, kumbukirani kuti mnzanu wa ku Malingunde kapena ku Kasiya akubwera pa kabaza m'matope, 8 koloko sangafike, yambani 9 ndipo muweruke dzuwa likadalipo.

Za alawansi nenani poyera tsiku lisanafike. Ngati palibe nenani kuti palibe, kuli nsima ndi thiransipoti basi, kapena olo thiransipotiyo kulibe. Munthu akabwera akuyembekezera envelopu nkupeza zii, tsiku lonse samva kanthu, amangong'ung'udza kumbuyo mpaka kuwononga ndi anzake omwe. Koma chakudya chokha yesetsani, olo tiyi ndi mandasi.

Tsopano tsiku loyamba, apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Pulojekita isiyeni kaye. Magetsi akhoza kuthima mukadali pa silaidi yachitatu, komanso kuwerengera aphunzitsi ma silaidi onena za "learner-centred" kwa maola atatu iwo ali duu ndi nthabwala yokhayokha. Ine ndimayamba ndi makope a ana. Ndimatola makompozishoni asanu a fomu 2 kapena fomu 3, mayina ndimaphimba, ndichite fotokope, aliyense awerenge. Kenako ndimafunsa kuti akuluakulu, ana athuwa akudwala chani? Mayankho sachedwa. "He" ndi "she" amangosinthanitsa poti pa Chichewa mwamuna ndi mkazi onse ndi "iye". L ndi r ndi nkhondo yosatha. Amalemba "borrow me your pen" chifukwa mmutu mwawo muli "ndibwereke", amati "I am coming" kwinaku akutuluka chifukwa ndi "ndikubwera" wathu uja. Nkhani imayamba mu past tense nkukathera mu present, ndime yonse mizere 15 yopanda full stop. Zonsezi ndimazilemba pa bolodi, ndipo ndi pokhapo pamene ndimagawa silabasi nkunena kuti tiyeni tipeze pamene matenda amenewa mankhwala ake alembedwa. Muone mmene amaifufuzira tsamba ndi tsamba, chifukwa tsopano akusaka yankho la vuto lawo, osati kumvera bwana.

Akatero ndi pamene mumawapatsa tsamba lanu lija la zimene zasintha. Mphindi 20 zakwana.

Masana kukhale phunziro lenileni ndi ana enieni. Olo ili holide, ana okhala pafupi ndi sukulu mukawauziratu amabwera, 30 kapena 40 simungalephere kuwapeza. Musalole zoti aphunzitsi azinamizira kukhala ana, zimathera kuseka ndipo mphunzitsi amayankha zolondola zokhazokha, mwana weniweni amakuyang'ana ngati wamutukwana. Ndipo woyamba kuphunzitsa mukhale inuyo a HOD. Musatume kamnyamata kongochoka kumene kukoleji kuti kakachite manyazi pamaso pa akuluakulu inu mutakhala kumbuyo ndi fayilo.

Ine ndimakonda kuonetsa note-making chifukwa ndi pamene ana amataya malikisi mosayenera komanso ndi pamene aphunzitsi timangolemba yankho pa bolodi ana nkukopera. Piriyodi ndi mphindi 40, ndimasunga zomwezo. Ndimatenga nkhani yaifupi ya zinthu zimene ana akuzidziwa, monga mmene fodya amayendera kuchoka kumunda mpaka kukafika ku okushoni ku Kanengo, kapena kapewedwe ka kolera, ndipo ndimagawa mapepala ochepa dala, limodzi pa benchi, ngati mmene zilili tsiku ndi tsiku. Ndimawerenga kamodzi mokweza. Kenako awiriawiri agwirizane mutu wa nkhaniyo, mawu osapitirira asanu, ndifunse mabenchi atatu anayi tisankhe wabwino ndipo anene chifukwa chake. Akatero aliyense apeze mfundo yaikulu ya ndime yoyamba, ndime imeneyi timachitira limodzi pa bolodi, kuonetsa mmene chiganizo chachitali chimafupikira, mmene timaikira manambala, mmene "government" imasandukira "govt" ndi "and" kukhala kachizindikiro. Ndime yachiwiri ndi yachitatu achite okha ine ndikuzungulira kusuzumira m'makope. Mphindi 10 zomaliza ana awiri alembe zawo pa bolodi mbali ndi mbali, kalasi ikonze. Kuyankhula kwanga konse mukakuphatikiza sikufika theka la piriyodi.

Ana akatuluka aphunzitsi andidzudzule, ndipo amadzudzuladi, ena mpaka kukondwa. Zili bwino. Tsegulaninso silabasi muone ngati success criteria ija yakwaniritsidwa, tengani makope asanu a anawo muone ndi maso. Pamenepa padzapezeka mdala wina, sasowa, wonena kuti "izi nza ku ma academy izi, kwathu ana ndi 100 mkalasi". Musakangane naye chifukwa mbali ina akunena zoona. Ineyo ma gulupu a ana 10 mkalasi yodzaza ndinasiya kalekale, kusuntha madesiki kokha kumadya mphindi 10, awiri amagwira ntchito ena asanu ndi atatu akukamba za mpira. Awiriawiri kapena atatu a pa benchi imodzi ndiye zimatheka olo ana achuluke bwanji. Muuzeni mdalayo ayesere zimenezo sabata imodzi adzakuuzeni.

Musanaweruke gwirizanani za Chichewa mkalasi ya Chingerezi, nkhani imeneyi timaizemba koma ilipo. Ana amayamba kuphunzira maphunziro onse, kupatula Chichewa, mu Chingerezi ku sitandade 5, komabe ambiri amafika fomu 1 chiganizo chimodzi chikuwavuta kutulutsa pakamwa. Maganizo anga ndi oti kumasulira liwu limodzi lovuta kapena lamulo la galamala mu Chichewa kwa kamphindi si tchimo, tchimo ndi kuphunzitsa piriyodi yonse mu Chichewa nkumalemba Chingerezi pa bolodi pokha. Zomapatsa ana chibalo chifukwa ayankhula chinenero chawo ine sindinaonepo zikuphunzitsa munthu Chingerezi, mwana amangosanduka bubu. Chilichonse mungagwirizane, chikhale chimodzi dipatimenti yonse.

Tsiku lachiwiri ndi la sikimu, ndipo munthu asachoke opanda sikimu ya teremu yoyamba m'manja. Akhale awiriawiri potengera fomu, wodziwa ndi wobwereka uja pamodzi. Yambani ndi kalendala, muwerenge masabata enieni ophunzitsa osati olembedwa. Chotsani sabata yoyamba imene ana amabwera mwa apo ndi apo, chotsani mayeso a pakati ndi a kumapeto kwa teremu, ma mock a fomu 2 ndi fomu 4, maholide monga 15 Okutobala, 15 Januwale, 3 Malichi, 1 Meyi ndi 14 Meyi, masewero, ndipo siyani danga la maliro chifukwa adzagwa ndithu. Zotsalazo ndiye nthawi yanu, ndipo mudzadabwa kuchepa kwake. Sikimu yokopera ya chaka chatha nkungosintha madeti ikanizeni pomwepo.

Pogawa mitu samalani zinthu ziwiri. Litirecha asaikankhire ku fomu 4 ati tidzathamanga, mabuku ayambike fomu 3 teremu yoyamba ndipo ana awerenge buku lenilenilo, osati manotsi a ma theme ndi ma character oloweza ngati katekisimu. Sewero la Shakespeare mwana sangalimve pongomuwerengera, agawane mbali aimirire kutsogolo alichite olo mophotchola. China ndi kumva ndi kuyankhula. Poti pa mayeso palibe poimirira nkuyankhula, aphunzitsi amadumpha gawo limeneli mwakachetechete, chonsecho mwana amene sanayankhulepo chiganizo cholondola sangachilembenso. Ikani mu sikimu ka debate, kulengeza nkhani ngati pa wailesi, kufotokoza njira yochoka pasukulu kukafika kumsika, olo mphindi 10 pa sabata bola zilembedwe.

Akumbutseni anzanu kulemera kwa katundu amene asenza. Mwana akapeza 9 pa Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe olo masamu akhoze ndi 1, ndipo ku mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi Chingerezi chili momwemo. JCE inachotsedwa, inabwereranso mu 2021, nde fomu 2 nayo ili ndi phuma lake. Phuma limeneli ndi limene limatikankhira ku ma past paper kuyambira Januwale. Ma past paper akhale ndi nthawi yake mu sikimu, komanso ngati ahedi ali ndi malipoti a chief examiner atulutseni mu drowa muwerengere limodzi, amanena mosabisa pamene ana amagwera.

Masana a tsiku lachiwiri chitani ka masewero aka, sikalephera. Tengani kompozishoni imodzi mwa zija, aliyense achonge payekha pa 20 osaonera mnzake, kenako aliyense atchule malikisi ake. Ulendo wina kwathu wina anapereka 6 wina 15, pepala lomwelo, mu sitafu rumu munali phokoso ngati pa depoti. Mkangano umenewo ndi wofunika, usiyeni upse, kenako gwirizanani kuti malikisi angati ndi a mfundo, angati a kasanjidwe, angati a galamala ndi sipelo. Gwirizananinso zizindikiro zochongera, sp pa sipelo, t pa tense, p pa punctuation, kuti mwana akasintha mphunzitsi asayambenso kuphunzira zizindikiro zatsopano.

Ndipo tinene zoona pa kuchonga. Munthu wa makalasi anayi a ana 90 ali ndi makope 360, mukamuuza kuti kompozishoni sabata iliyonse adzavomera pamaso panu koma sadzachita. Bola ndime imodzi yokha pa sabata, kompozishoni yathunthu kamodzi pa masabata atatu, makalasi mosinthana kuti makope asaunjikane tsiku limodzi, ndipo ana asinthane makope akonzerane sipelo ndi ma full stop asanapereke.

Za mabuku sinditaya nthawi. Mudzauzidwa kuti akubwera, mwina adzabweradi, koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, konzani sikimu ndi 17 muli nawowo. Alembeni manambala, akhale mu katoni, monitala azitenga ndi kubweza piriyodi ikatha atawerenga pamaso panu. Zina ndi TALULAR yathu ija, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pomwe tili, manyuzipepala akale opempha kwa makolo ogwira ntchito m'maofesi, timapepala ta malangizo ta m'mabokosi a mankhwala, zolembedwa pa matumba a feteleza, zonsezo ndi comprehension. A mtauni limbikitsani ana akalembetse ku National Library ku City Centre.

Tsopano gawo limene ambiri timagwera, kulondoloza. Masiku awiri aja ndi chiyambi chabe. Sabata yachitatu ya teremu yambani kulowa m'makalasi, koma muuzeni munthu tsiku ndi piriyodi, musamubisalire pawindo ngati mukugwira wakuba, za inspection zili ndi eni ake. Khalani piriyodi yonse, mukatuluka mukambirane tsiku lomwelo muli awiri, chinthu chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi choti asinthe. Chimodzi basi, mukamupatsa 12 sasintha olo chimodzi. Nayenso adzalowe mkalasi mwanu. Pakatha masabata awiri aliwonse dipatimenti ikumane mphindi 30, aliyense abwere ndi records of work ndi makope atatu a ana, chifukwa records munthu atha kulemba usiku umodzi koma kope la mwana silinama.

Anzathu a masamu ndi sayansi ali ndi SMASSE yawo, pulogalamu yosulira aphunzitsi, imene amakumanako, ife a ziyankhulo tiyenera kudzipangira tokha. Pa cluster kumanani kamodzi pa teremu, sukulu zizisinthana kulandira alendo, ndipo mukatha konzani mayeso amodzi a fomu 1 ndi fomu 3 a sukulu zonse kuti muone amene watsalira. Gulupu ya WhatsApp tsegulani koma lamulo likhale lolimba, muzilowa masikimu, ma passage ndi mafunso okha, za mpira ndi zamalonda kwina, apo ayi anthu amaitseka pakamwa poteteza bandulo ndipo uthenga wofunika sauona. Musaiwale ophunzitsa ku open school masana, nthawi zina ndi anthu ena osati a mmawa, ana awo akulemba mayeso omwewo.

Kumapeto kwa teremu lembani lipoti la tsamba limodzi lopita kwa ahedi ndi ku division: mitu imene yatheka, imene yakanika ndi chifukwa chake, mabuku alipo angati pa ana angati. Manambala enieni, osakometsera.

Chomaliza ndi fayilo. Ikanimo silabasi, tsamba lija la zosintha, masikimu a mafomu onse, mgwirizano wa kachongedwe ndi lesson plan ya note-making ija, kuti mphunzitsi wobwera pakati pa chaka kapena wa teaching practice mukhale naye ola limodzi nkumupatsa poyambira. Silabasi chitani fotokope ziwiri zitatu zozungulira, ijambuleninso pa foni, koma yeniyeniyo ikhale mokiya mu ofesi ya ahedi ndipo wotenga azisaina. Yathu yoyamba inapita ndi mphunzitsi wina amene anasamutsidwa pakati pa teremu, tinaphunzitsa miyezi iwiri ndi zithunzi zosaoneka bwino za pa foni mpaka mnzathu wa sukulu ina ku Likuni anatibwereka yake.